Osewera a pa 23 Epulo asokoneza "iwe" ndi "inu"

Pa 23 Epulo aphunzitsi ena a ku America amalowa m'kalasi n'kuyamba kuyankhula Chingerezi chimene ngakhale agogo a agogo awo sanachiyankhulepo. M'malo mwa "you" amati "thou", kumapeto kwa mneni aliyense amamatako "-eth", ndipo mwana akachedwa amamuzazira ndi mawu achipongwe a zaka 400 zapitazo, kalasi yonse n'kufa ndi phwete. Tsikuli amalitcha Talk Like Shakespeare Day, tsiku loyankhula ngati Shakespeare, mlembi wa masewero wa ku England. Analiyambitsa ndi a bwalo la zisudzo la Chicago Shakespeare Theater mu 2009, ndipo meya wa mzindawo pa nthawiyo, Richard M. Daley, analilengeza pokumbukira kuti papita zaka 445 chibadwire mlembiyu. Nzeruyo sinali yatsopano kwenikweni. Kunali kale tsiku loyankhula ngati achifwamba a panyanja, la pa 19 Seputembala, limene mabwenzi awiri a ku Oregon analiyamba mocheza mu 1995.

Ine tsikuli ndimalikonda ndipo ndikufuna lipitirire. Koma pali chinthu chimodzi chimene osewerawa amachigwira chadodolido, miyendo m'mwamba, ndipo chinthucho chili pakatikati penipeni pa chiyankhulo cha Shakespeare. Mwana wa ku Dedza kapena ku Katete angachimve msanga kuposa mwana wa ku Chicago, akadakhala kuti wina anamuuza.

Ndiyambe ndi chifukwa chimene ndimalikondera. Deti la 23 Epulo lasenza katundu wambiri. Kaundula wa tchalitchi cha Holy Trinity ku Stratford-upon-Avon amasonyeza kuti William Shakespeare anabatizidwa pa 26 Epulo 1564. Tsiku lobadwa palibe analilemba, koma mwambo unasankha 23, lomwe ndi tsiku limene anamwalira mu 1616, komanso ndi tsiku la George Woyera, nkhoswe ya dziko la England. Bungwe la UNESCO linalisankhanso mu 1995 kukhala tsiku la mabuku, ndipo la United Nations limakumbukirapo chiyankhulo cha Chingerezi. Zonsezi n'zolemekezeka, za maluwa ndi zokamba za alendo olemekezeka. Mwa zonsezi, sewero la ku Chicago lokha ndi limene limauza munthu kuti tsegula pakamwa. Ndipo pakamwa mpamene Shakespeare ankalembera.

Munthuyu anali mwana wa mmisiri wosoka magolovesi, ndipo ku yunivesite sanapondeko. Mu 1592 kabuku kena kotuluka m'dzina la mlembi wophunzira, Robert Greene, kanamunyoza kuti ndi khwangwala wodzikweza amene wavala nthenga za ena. Bwalo la Globe, limene gulu lake linamanga mu 1599, linali kutsidya kwa mtsinje wa Thames, ku Southwark, dera la mowa, la akazi oyendayenda ndi mabwalo olumitsa zimbalangondo ndi agalu. Sewero linkachitika masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo amene analipira kobiri limodzi ankaonera chiimirire kutsogolo kwa nsanja, akudya, akumwa, akuyankhira. Akuti munkalowa anthu ngati 3,000. Mbali za akazi ankasewera ndi anyamata. Mu 1613 mzinga umene anawomba pakati pa sewero unayatsa denga la udzu, bwalo lonse n'kupsa. Amenewo ndiwo malo amene mawu aja anabadwira, phokoso lake losasiyana ndi la pamsika wa Lizulu Loweruka.

Shakespeare anamwalira asanasonkhanitse masewero ake m'buku. Anachita zimenezo ndi anzake awiri a m'gulu, John Heminges ndi Henry Condell, mu 1623, patapita zaka 7 ali m'manda. M'bukumo munali masewero 36, ndipo 18 mwa iwo anali asanasindikizidwepo. Pakadapanda awiriwa, bwenzi Macbeth, Julius Caesar ndi Twelfth Night kulibe lero. Tiziwathokoza. Koma buku lili ndi vuto lake: limatontholetsa mawu. Pang'ono ndi pang'ono munthu wa pamsika uja anasanduka chiboliboli, kenaka funso la mayeso. Choncho tsiku lililonse limene limachotsa mawu ake papepala n'kuwabwezera m'milomo ya anthu wamba, ngakhale mwachibwana, likuchita ntchito imene mabuku a ndemanga okhuthala alephera. Mphunzitsi wina angadandaule kuti kuseka kotere n'kunyoza mlembi wamkulu. Sindikugwirizana naye. Munthu amene anadzaza masewero ake ndi zitsiru, zidakwa ndi nthabwala zolaula sakadaopa phwete la ana a sukulu.

Vuto langa lili pa malangizo a seweroli. Amene analiyambitsa anapereka timalamulo tosavuta: m'malo mwa "you" nenani "thou" kapena "thee", amuna atchuleni "sirrah", akazi "mistress", anzanu onse "cousin", ndipo mukakaika onjezani "-eth" kumapeto kwa mneni. Wosewera akamatsatira zimenezi amadzimva kuti wavala mkanjo wa mfumu. Amakweza chibwano, amatambasula dzanja, amayankhula pang'onopang'ono ngati wansembe. Mumtima mwake "thou" ndi mawu aulemu, apamwamba, a m'nyumba yachifumu.

Ayi ndithu. "Thou" ndi iwe. "You" ndiye inu.

Chingerezi cha nthawi ya Shakespeare chinali ndi alowam'malo awiriwa monga momwe ife tilili nawo. Poyamba "thou" anali wa munthu mmodzi ndipo "you" wa anthu ambiri. Kenaka, monga zinachitikira m'Chifalansa ndiponso monga timachitira ife, mawu a anthu ambiri aja anayamba kuperekedwa kwa munthu mmodzi wolemekezeka. "Thou" anatsalira mwana, wantchito, chiweto, bwenzi la ponda apa m'pondepo, wokondedwa, ndi munthu amene wamupsera mtima. "Sirrah" nayenso si "bwana". Ndi mawu oitanira wantchito kapena kamnyamata, ngati kunena kuti "iwe mphwanga, tabwera kuno" kwa munthu amene si mphwako. Wogwira ntchito wa ku Chicago amene pa 23 Epulo amapatsa moni abwana ake ndi "thou" ndi "sirrah" akuganiza kuti akuwagwadira, pomwe mu 1600 bwenzi atawatukwana.

Umboni wake si wochita kufufuza ndi nyali. Mu Novembala 1603, pa mlandu wa Walter Raleigh woukira mfumu umene unazengedwa ku Winchester, loya wamkulu wa boma, Edward Coke, atapsa mtima anamutcha Raleigh mphiri n'kuwonjeza kuti: "I thou thee, thou traitor." Ndiko kuti, ndikukutchula iwe dala, iwe woukira. Anasandutsa mlowam'malo kukhala mneni kuti aliyense m'bwalomo amve kuti akumuvula ulemu. M'sewero la Twelfth Night, mkulu wina dzina lake Sir Toby akulangiza mnzake wopepera mmene angalembere kalata yoputa ndewu, ndipo amamuuza kuti akamutchula mdani wakeyo "thou" katatu konse sizikhala zolakwika. Oonera anaseka chifukwa ankadziwa kuluma kwa mawuwo. Patapita zaka makumi angapo, a mpingo wa Quaker, otsatira George Fox, anaganiza kuti pamaso pa Mulungu palibe wamkulu, choncho anayamba kutchula aliyense "thou", kaya ndi woweruza kaya ndi bambo wawo wowabereka. Ambiri anamenyedwa. Mmodzi wa iwo, Thomas Ellwood, analemba yekha mmene bambo ake anamukwapulira chifukwa cha mawu amenewa ndi chipewa chimene anakana kuvula pamaso pawo. Mmalawi aliyense akumva bwino mkwiyo wa bambo ameneyo. Tangoyerekezani mnyamata wa zaka 20 akubwera kuchokera ku mapemphero n'kuuza bambo ake kuti, "Iwe, wadzuka bwanji?"

Nanga chinatembenuza zinthu n'chiyani? Ndi Baibulo. Omasulira Baibulo la King James la 1611 anasunga "thou" paliponse pamene Chiheberi ndi Chigiriki zikunena za munthu mmodzi, kaya munthuyo ndi kapolo, mfumu, Satana kapena Mulungu. Pofika cha m'ma 1700 "thou" anali atatha m'kamwa mwa anthu a ku London, ngakhale kuti kumpoto, ku Yorkshire ndi Lancashire, achikulire ena akumunenabe mpaka lero. Malo amene anthu ambiri anapitiriza kumumva anali m'tchalitchi, m'pemphero ndi m'nyimbo. Mawu amene umangowamva pogwada amayamba kununkhira lubani. Choncho mawu a pamphasa anasanduka a paguwa. Ife tinayenda njira ina. Buku Lopatulika la 1922, limene ntchito yake anaitsogolera William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, silinayerekeze kumutchula Mulungu "iwe". Timati "dzina lanu liyeretsedwe". Ndipo nafenso tili ndi kasewero kathu kofanana ndi ka ku Chicago: munthu akafuna kuseketsa anzake pa bawo amayamba ndi "indetu, indetu, ndinena kwa inu", onse n'kudziwa kuti wabwereka mawu a m'buku lakale. Kusiyana kwake n'kwakuti ife iwe ndi inu sitinawataye.

Wina anganene kuti, "Abale, ndi sewero chabe la tsiku limodzi. Mukulowetsapo galamala bwanji?" Funsoli n'lomveka ndipo sindikulipeputsa. Sewero likachuluka malamulo limafa. Sindikudandaula ndi munthu amene wanena "I runneth", ngakhale kuti "-eth" ndi wa munthu wachitatu yekha, iye uja amene tikumunena. Shakespeare mwiniwake ankasakaniza: mumzere umodzi wonena za chifundo, umene amaunena Portia m'sewero la The Merchant of Venice, muli "blesseth", kenaka "gives" ndi "takes", chifukwa ankasankha mawu okwanira maphatikizo khumi a mzerewo. Zolakwika zotere n'zazing'ono, zisiyeni. Koma nkhani ya "thou" si ya galamala. Munthu amene waphunzira kuti "thou" ndi "you" wovala suti watsekeka khutu limodzi, ndipo akapita kukaonera sewero lenileni theka la ndewu ndi theka la chikondi zidzamudutsa.

M'sewero la Hamlet, taonani kalonga Hamlet akulowa kuchipinda kwa mayi ake, Gertrude. Mayiwa akwatiwa ndi mlamu wawo, amene tsopano ndiye mfumu, mwamuna wawo atangomwalira kumene, ndipo mwana wachita zinthu zochititsa manyazi mfumu yatsopanoyo pagulu. Mayi akuyamba: "Hamlet, thou hast thy father much offended." Mwana akubweza: "Mother, you have my father much offended." Kwa wowerenga wa lero mizere iwiriyi ikungosiyana pa mawu akuti "thy" ndi "my". Tiyeni tiyiike m'Chichewa. "Hamlet, iwe wawalakwira kwambiri bambo ako." "Amayi, inu mwawalakwira kwambiri bambo anga." Mayi akunena za mwamuna watsopano, mwana akunena za malemu. Mayi akuyankhula ngati mayi kwa mwana wake, mwana akusunga ulemu wonse wa pakamwa uku akubaya. Ndiye tamverani mzere wotsatira. Gertrude akusiya "thou" n'kunena kuti "you answer with an idle tongue". Wamutchula mwana wake inu.

Ndani mwa ife sadziwa mphindi imeneyo? Mayi ako akamakuti "iwe" zinthu zili bwino, ngakhale akukalipa. Tsiku limene adzakuyang'ane n'kunena kuti, "Kodi achimwene, mwayamba liti kuyankha chonchi? Mwakula eti?" umadziwa kuti chitseko chatsekedwa. Ulemu umenewo ndi mpanda. Gertrude wamanga mpanda ndi liwu limodzi, ndipo anthu oimirira pa kobiri limodzi aja anaumva ukumangidwa.

Chitsanzo chimene chimandikhudza kwambiri chili kumapeto kwa sewero lachiwiri la Henry IV. Kalonga Hal wakhala zaka akumwa ndi kuchita zachibwana ndi nkhalamba yonenepa, Falstaff. Tsopano bambo ake amwalira ndipo wavekedwa ufumu. Falstaff wathamanga usiku wonse pa kavalo kuti akamuone, waima m'mbali mwa msewu ndi zovala zafumbi, ndipo mfumu ikudutsa akufuula pakati pa khamu, akuitchula dzina la paubwana, akuiti "thee", mwana wanga wokoma, mtima wanga. Ndi iwe wa chikondi, koma wanenedwa pamalo olakwika, pamaso pa nduna zonse. Mfumu ikutembenuka: "I know thee not, old man." Sindikukudziwa iwe, nkhalamba. Liwu ndi lomwelo, koma uyu ndi iwe wa mfumu kwa munthu wamba. Amuna awiri atchulana iwe pa mphindi imodzi, wina akukumbatira, wina akukankha. Ukawerenga "thee" ngati mawu aulemu, zonsezi zimasungunuka n'kutsala mfumu yoyankhula mwaulemu kwa mkulu wina. Kunena zoona, si paliponse pamene Shakespeare akasintha mlowam'malo pali chifukwa chooneka. Nthawi zina anthu ake amadumpha kuchoka pa "you" kupita pa "thou" m'chiganizo chimodzi, akatswiri n'kumakangana mpaka lero. Ndipo kagawidwe kake sikafanana ndendende ndi kathu. Koma pamalo ngati awa palibe chokaikitsa.

Kuganiza kuti Shakespeare ndi Chingerezi cha m'mphuno, cha anthu apamwamba, kwalakwikanso pa kamvekedwe. Mu 2004 bwalo latsopano la Globe, limene linatsegulidwa mu 1997 pafupi ndi pamene panali lakale, linachita Romeo and Juliet m'katchulidwe ka nthawi ya Shakespeare, motsogozedwa ndi katswiri wa chiyankhulo David Crystal. Zimene anthu anamva sizinali Chingerezi cha mfumukazi. Chinali chokhakhala, chothamanga, "r" akumveka paliponse, chofanana pang'ono ndi cha alimi a kumadzulo kwa England ndi cha ku Ireland. Sewerolo linatha msanga ndi mphindi ngati khumi. Mawu amene lero samvekanso mofanana kumapeto, monga "love" ndi "prove", anagwirizananso. Wosewera wa pa 23 Epulo amene akukoka mawu ngati bishopu akutsanzira azisudzo a zaka za m'ma 1800, osati mwana wa wosoka magolovesi.

Tsono ife zikutikhudza pati? Tsikuli si lathu ndipo sindikunena kuti tilitengere kuno. Tili ndi masiku okwanira okondwerera Chingerezi. M'masukulu ambiri chaka chonse ndi tsiku lotero, ndipo ambirife tikukumbukira chilango cha wogwidwa akuyankhula chinenero cha kwawo. Amene amati Shakespeare anabwera m'sitima imodzi ndi atsamunda sakunama. Koma munthuyu ali kale m'nyumba mwathu. Ana a Fomu 3 ndi Fomu 4 akhala akulimbana ndi Romeo and Juliet ndi Macbeth pokonzekera mayeso a MSCE, mayeso amene ukalephera Chingerezi satifiketi sulandira. Ine ndinawerenga Romeo and Juliet tili anthu asanu pa buku limodzi. Aphunzitsi athu, munthu wakhama amene ndimamulemekeza mpaka lero, analemba pa bolodi kuti "thou", "thee" ndi "you" ndi chimodzimodzi, ife n'kukopera. Iwonso anaphunzitsidwa choncho, kuchokera m'mabuku olembedwa ndi anthu amene chiyankhulo chawo chinataya kusiyanaku. Tinali ndi kiyi m'thumba, tikugogoda pakhomo.

Pakadakhala wotiuza, tikadaona kuti Juliet akukumana ndi Romeo koyamba paphwando akumutchula "you", monga mtsikana woleredwa bwino amachitira ndi mlendo. Usiku womwewo, ali yekha pakhonde la pamwamba, osadziwa kuti mnyamatayo ali pansi akumvetsera, akuti "wherefore art thou Romeo?" Wasamuka kuchoka pa inu kufika pa iwe mumtima mwake, mnyamatayo asanamupemphe. N'chifukwa chake akuchita manyazi kwambiri atazindikira kuti wamvedwa. Mzere umenewu ndi umene osewera a pa 23 Epulo amaukonda kuposa yonse, ndipo ambiri amaunena dzanja lili pamphumi, akuunguzaunguza, poganiza kuti "wherefore" ndi "uli kuti". Tanthauzo lake ndi "chifukwa chiyani". Mtsikanayo sakufunafuna munthu. Akudandaula kuti, mwa anyamata onse a mu Verona, iwe unakhaliranji Romeo, mwana wa adani athu? Ndi funso la mfunda ndi mtundu, limene mtsikana aliyense amene anakondapo mnyamata wa banja lodana ndi lake amalidziwa.

N'chifukwa chake ndimakhulupirira kuti Shakespeare amamveka bwino m'zinenero zathu kuposa mmene ambiri amaganizira. Sol Plaatje wa ku South Africa anaona zimenezi kalekale: kumasulira kwake kwa The Comedy of Errors m'Chitswana kunasindikizidwa mu 1930. Julius Nyerere anamasulira Julius Caesar m'Chiswahili, buku n'kutuluka mu 1963 ali kale mtsogoleri wa dziko, kenaka anamasuliranso The Merchant of Venice. Welcome Msomi anasamutsira Macbeth kwa Azulu mu 1970. Mu 2012 bwalo la Globe linaitana magulu a m'maiko osiyanasiyana kudzachita masewero 37 m'zinenero 37, ndipo The Two Gentlemen of Verona inachitika m'Chishona. Kwathu kuno mlembi Stanley Onjezani Kenani anamasulira Romeo and Juliet m'Chichewa. Womasulira wa Chichewa sangathawe funso limene wosewera wa ku Chicago salidziwa n'komwe. Pa mzere uliwonse ayenera kusankha: apa ndi iwe kapena inu? Wandilakwira kapena mwandilakwira? Mneni wathu salola kubisala. Mngerezi wa lero amatha kuwerenga sewero lonse osafunsapo funso limenelo, ndipo amaganiza kuti wamva zonse chifukwa chiyankhulocho ndi chake.

Ndikadakhala ndi mwayi woyankhula ndi amene amakonza tsikuli ku Chicago, sindikadawapempha kuti achotse nthabwala, zipewa za nthenga kapena mawu otukwana akale aja. Zimenezo zikhale, ana amazikonda, ndipo mwana amene waseka ndi Shakespeare lero sadzamuopa mawa. Ndikadangopempha kuti asinthe lamulo loyamba lokha. Lisamati "m'malo mwa you nenani thou". Lizinena kuti: lero muli ndi mawu awiri. "Thou" ndi wa mwana wanu, mkazi kapena mwamuna wanu mukakhala awiri, bwenzi lanu lapamtima, galu wanu, ndi munthu amene mwakonzeka kumenyana naye. Ena onse ndi "you". Sewero lotero n'lokoma kuposa loyamba, chifukwa lili ndi ngozi. Munthu ayenera kuima kaye pakhomo la ofesi n'kudzifunsa kuti mnzake amene wakhala naye desiki imodzi zaka zisanu ndi "thou" kapena ayi, ndipo akamutchula, aone nkhope yake. Kwa tsiku limodzi angalawe chimene ife timachita tsiku lililonse osaganizira: kuyeza mtunda wa pakati pa iwe ndi munthu usanatsegule pakamwa. Mkamwini amene wakhala pamudzi zaka khumi koma apongozi ake akadali "inu" mpaka imfa, mkazi amene amati "inu" kwa mwamuna wake pagulu, mabwenzi amene tsiku lina anangozindikira kuti ayamba kutchulana iwe osadziwa kuti zinayamba liti, onsewa akukhala m'dziko limene Shakespeare ankalemba.

Chaka china mwana wa achemwali anga anabwera kwathu pa holide ndi Romeo and Juliet, akudandaula kuti bukulo ndi Chizungu chosamveka ndipo angoloweza manotsi. Ndinamupatsa pensulo. Ndinamuuza kuti atsegule pamene bambo Capulet akuuza mwana wawo Juliet kuti akwatiwa ndi Paris Lachinayi, ndipo paliponse pamene aone "thou", "thee" kapena "thy" alembe "iwe" pamwamba pake, pamene aone "you" alembe "inu". Sindinamufotokozere china chilichonse. Ndinapita kukathirira ndiwo kudimba.

Nditabwerako ndinamupeza atakhala chete, tsamba lonse lili mapensulo okhaokha. Anandionetsa mmene bambo akulowera ndi iwe wachifundo, poona mwana akulira. Mwana atakana ukwati, bambo akulumphira pa inu wonyoza, kenaka iwe waukali pamene akuopseza kuti amukokera kutchalitchi, kenakanso inu wozizira pamene akumuuza kuti akadye kumene akufuna, m'nyumba mwake sakhalamo. Anandionetsa mayi ake a Juliet akutuluka ndi mawu akuti chita zimene ukufuna, ndathana nawe. Kenaka anaika chala pa mzere umodzi wa Juliet, pamene wagwada pansi kupempha bambo ake kuti amumvere mawu amodzi okha.

"Malume," anatero, "taonani. Amutukwana chonsecho, koma iye akuwatchulabe inu."